DZIWE LA M'GALASI

M'caka ca 1850 munthu wina wa ku London, dzina lace Robert Warington, analemba za cinthu cimene anayesa. Anaika nsomba ziwiri zazing'ono m'cotengera ca galasi, nabzalamo udzu wa m'madzi wochedwa Vallisneria. Masamba akale atayamba kuola madzi anada, ndipo iye anaikamo nkhono kuti zidye zoolazo. Madzi anayeranso, nsomba zija nizikhala ndi moyo miyezi yambiri. Dziwe lotere Angerezi alicha aquarium, ndipo ana a sukulu angathe kulikonza m'kalasi mwao.

M'dziwe ili nsomba ndi zomera zithandizana. Nsomba ipuma mpweya wa oksijeni umene uli m'madzi, nitulutsa mpweya woipa. Zomera zikalandira kuwala zitenga mpweya woipawo ndi kubweza oksijeni. Koma usiku nazonso zifuna oksijeni, cifukwa cace nsomba zisaculuke.

Poyamba ana asankhe malo. Thanki ikhale pafupi ndi zenera, koma dzuwa lisaiombe, pakuti madzi angatenthe, ndipo ndere zingaphimbe galasi lonse. Tebulo likhale lolimba. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi, motero thanki ya malita 60 iposa thumba la cimanga la makilogalamu 50.

Mcenga wa kumtsinje utsukidwe kufikira madzi otsukira ayera mbee, koma sopo asaufike konse. Auyale pansi, kuya kwace masentimita 5, naikepo mbale, kuti pothira madzi mcenga usabvunduke. Madzi a pampopi ayambe agona m'ndowa masiku awiri kuti mankhwala a klorini acoke. Vallisneria amera m'Nyanja ya Malawi ndi ya Tanganyika yomwe, ndipo sabvuta kubzala. Mizu ilowe mumcenga, koma khosi lace, pamene masamba ayambira, likhale pamwamba. Likakwiririka udzu uola. Ukagwira uyanga ngati kapinga.

Tsopano ifika nchito yobvuta koposa zonse, ndiyo kudikira. Ana ambiri akaona madzi oyera athamangira kuikamo nsomba tsiku lomwelo, ndipo sabata isanathe azipeza zitayandama cagada. Cimene cazipha sicioneka ndi maso. Zonyansa za nsomba zili ndi ululu wochedwa amoniya. M'dziwe la kudambo muli tizilombo tating'onoting'ono, mabakiteriya, timene tisandutsa ululuwo ukhale cakudya ca zomera, monga manyowa m'munda. M'thanki yatsopano tizilomboti ndi tocepa, ndipo kuti ticuluke pafunika masabata 4 kufikira 6. Pa nthawi yonseyi thanki ikhale ndi zomera zokha. Masiku ena ana aziponyamo kacakudya ka nsomba pang'ono, kuti kakaola tizilombo tija tipeze codya.

Nthawi itakwana, matemba asanu kapena asanu ndi limodzi akwanira. Mlamba suyenera, pakuti umeza anzace. Cambo naco cikumba mcenga ndi kuzula udzu. Cakudya cikhale cimene nsomba zingathe pa kamphindi, popeza cotsala ciononga madzi. Sabata iliyonse atungemo gawo limodzi la magawo asanu a madzi, nathiremo ena ogona.

Pa nkhani ya nkhono, ana a m'Zambia asamtsate Warington. Nkhono zina za m'madambo ndi m'mitsinje ya kuno zisunga tizilombo ta likodzo, timene tituluka ndi kuboola khungu la munthu wokhudza madziwo. Cifukwa cace udzu wocokera kumtsinje autenge munthu wamkulu wobvala zoteteza manja ndi miyendo. Tsamba lililonse liyang'anidwe bwino, ndi kucotsa nkhono pamodzi ndi mazira ace, amene amamatira pamasamba ngati kadontho ka mamina. Madzi a kumtsinje nawonso agone masiku awiri, pakuti tizilombo ta likodzo tikasowa munthu pa nthawi imeneyi tifa.

Udzu ukaculuka auzule, nauumitse pa dzuwa, osautaya mumtsinje iai. Namasupuni, amene wasautsa asodzi pa Kafue, kwao ndi ku South America, ndipo anthu anamfalitsa m'maiko ena cifukwa ca kukongola kwa maluwa ace.