Intavyu ya ntchito ya mapulogalamu a zaumoyo: kukonzekera kuyambire kusikelo

Wachinyamata wa ku Mitundu kapena ku Nathenje akaitanidwa ku intavyu ya ntchito yolemba mapulogalamu a zaumoyo asadziderere. Iye amadziwa mmene chipatala cha kumudzi chimakhalira magetsi akathima, amayi a kusikelo ali ndandanda panja. Olemba ntchito amafuna munthu wotere.

Ayambe ndi kudziwa zimene zilipo kale. Bungwe la Baobab Health linayambira pachipatala cha Kamuzu Central mu 2001 ndi makompyuta ongodina ndi chala, osindikiza kapepala komata pakabuku ka kuchipatala. Pulogalamu yake ya odwala olandira ma ARV inalembedwa ndi Ruby on Rails ndi MySQL, motsata kasungidwe ka OpenMRS. Malipoti a zipatala amapita ku Unduna wa Zaumoyo kudzera mu DHIS2, yochokera ku yunivesite ya Oslo, pomwe alangizi a zaumoyo ali ndi iCHIS. Wosadziwa mayinawa ofunsa amamuzindikira msanga.

Kenako apite pachipatala cha Mitundu kapena cha Nathenje, apemphe chilolezo kwa oyang'anira, aone ulendo wa wodwala kuchokera polembetsa mpaka polandirira mankhwala. Asajambule aliyense.

Mafunso ovuta amachokera pamenepa. Netiweki ikadula nesi ali mkati molemba, zolembazo zisungidwa pati, ndipo zikafika bwanji kulikulu ikabwerera? Mayi amene wataya kabuku, nalembetsanso dzina lake wina ataika "l" pamene panali "r", kompyuta imudziwa bwanji kuti ndi yemweyo? Nanga agogo osadziwa tsiku lobadwa, amene amangoti anabadwa chaka cha njala? Yankho lakuti "tidzaika intaneti yamphamvu" ndi la munthu amene sanapondepo kumudzi. Lomveka ndi lakuti zonse zisungidwe kaye pamakina a pachipatalapo, zizitumizidwa netiweki ikapezeka, ndipo zikasemphana pakhale njira yodziwira zolondola.

Manja nawonso azolowere. Tsiku ndi tsiku azilemba SQL, makamaka yolumikiza matebulo, monga yopeza odwala amene sanabwere pa tsiku lawo lotenga mankhwala. Apange kapulogalamu kolembetsa odwala, akaike pa GitHub ndi mayina ongopeka. Azilemba akufotokoza mokweza mnzake akumva, poti ofunsa amatsata maganizo ake kuposa liwiro la zala.

Za chinsinsi asachite nazo chibwana. Awerenge lamulo la Data Protection Act la 2024, athe kunena amene ayenera kuona zotsatira za magazi a munthu ndi amene sayenera.

Intavyu ikakhala ya pa intaneti, atchajiretu laputopu, agule bandulo, ayese malo a netiweki dzulo lake. Ikakhala ya maso ndi maso alawirire, chifukwa minibasi imadikira kudzaza. Akapatsidwa mpata wofunsa, afunse kuti makina akafa pachipatala chakutali amakakonza ndani, ndipo zimatenga masiku angati.