Chilango chikatha, akafikira kuti? Phunziro la nyumba ndi minda ya akaidi

Khoti likagamula kuti munthu akakhale kundende, limamuchotsera ufulu woyenda kwa nthawi yoikika. Pokhapokha litalamula mwapadera, silimulanda nyumba kapena munda. Gawo 28 la Malamulo Aakulu a dziko lino likuletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa. Komabe m'midzi ya m'tsinde mwa Phiri la Mulanje, kuno ku Phalombe, ena otuluka kundende ya Mulanje, Chichiri kapena Zomba amapeza bwinja pomwe adasiya khomo. Wosowa pogona sachedwa kubwerera ku zomwe zidamumangitsa, ndipo wovutika ndi mudzi womwewo.

Mmene khomo limatayikira

Njira yoyamba ndi chikamwini. Mwamuna amamanga nyumba pamalo a kuchikazi. Banja likatha iye ali m'ndende, pamudzipo sakhalanso ndi mbali. Kwawo kwa amayi ake nako amapeza minda idagawidwa kale kwa alongo ndi ana awo. Mayi akamangidwa, munda wake ukhoza kubwereketsedwa kapena kupinyolitsidwa iye osadziwa.

Yachiwiri ndi nyengo. Nyumba ya zidina yofolera udzu ikakhala dzinja limodzi kapena awiri yopanda woisamala, denga limadontha ndipo zipupa zimagwa. Namondwe wa Freddy, yemwe mu Malichi 2023 adagwetsa nyumba zambiri kwa Nkhulambe ndi madera ena, adaonetsa kuopsa kwa madzi otsika m'phiri.

Yachitatu ndi lendi. Wokhala m'nyumba yolipira pa Migowi, Chiringa kapena paboma akamangidwa, ngongole imakula mpaka katundu wake kutulutsidwa. Palinso mkwiyo wa anthu: kugwetsa kapena kuwotcha nyumba ya woganiziridwa mlandu ndi mlandu pawokha.

Zoyenera kuchita akangolowa

Kuteteza khomo kumayamba tsiku lachigamulo. Abale asankhe munthu mmodzi wosunga nyumba ndi munda, ndipo mgwirizanowo ulembedwe pamaso pa anyakwawa ndi mboni: akulima ndani, mpaka liti, zokolola zithandiza ndani. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola banja kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya malo ya m'dera, ndipo dzina la yemwe ali m'ndende lisasiyidwe polembetsapo. Ngati ana atsala okha, nkhaniyo ifike msanga ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo.

Pa milandu ing'onoing'ono khoti likhoza kupereka chilango chogwira ntchito yothandiza anthu munthu akugona kwawo, ndipo khomo silipasuka. Alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, omwe amayendera ndende, amathandiza akaidi kumvetsa njira zotere.

Zoyenera kuchita asanatuluke

Mkaidi wakhalidwe labwino amachotseredwa gawo la chilango, ndipo ena amakhululukidwa ndi Mtsogoleri wa dziko pa zikondwerero monga cha 6 Julaye. Choncho tsiku lotuluka likhoza kufika msanga, ndipo abale azilifunsa akapita kukazonda. Ku Balaka, bungwe la Prison Fellowship Malawi lili ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja akaidi omwe atsala pang'ono kutuluka, koma luso lopanda pogona silipita patali.

Apa mpamene pafunika mudzi. Anyakwawa ayanjanitse wolakwa ndi olakwiridwa, ankhoswe ndi amalume agwirizane komwe akafikire, ndipo komiti ya chitukuko cha m'mudzi, mipingo ndi mizikiti zithandize mitengo, udzu ndi manja. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana pamsonkhano wa VDC

1. M'mudzi muno muli makomo angati omwe eni ake ali kundende, ndipo akuwasamala ndani?
2. Mkamwini yemwe banja lake latha ali m'ndende apatsidwe malo kuti?
3. Ndani adzamulandire tsiku lotuluka, ndipo usiku woyamba adzagona kuti?