Loko wa pachimbudzi cha mdadada

M'makomboni a pa boma la Katete nyumba zambiri zalendi ndi midadada: zitseko zisanu kapena kuposa, koma bwalo limodzi, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Okhalamo si abale. Wina wachokera ku Sinda, wina ku Vubwi, wina wabwera ndi ntchito.

Pa mdadada wina amayi awiri anasemphana pa zotsuka chimbudzi. Mmodzi anali ndi ana anayi, mnzake mmodzi yekha.

"Aneba, amaipitsa ndi ana anu. Ine nditsukirenji?"

"Lendi timalipira chimodzimodzi, amake mwana. Musandiwerengere ana."

Kumudzi, kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe, nyakwawa ikanawakhazika pansi tsiku lomwelo. Apa eni nyumba ankakhala ku Chipata, ankangolandira lendi pafoni. Mayi wa mwana mmodzi uja atatopa anagula loko, makiyi n'kugawira mabanja okhawo amene ankatsuka.

Dandaulo lake linali lomveka ndithu, pakuti kutsukira anthu osayamika kumawawa. Koma mwana akapanikizika sadikira kuti akuluakulu agwirizane. Ana anayi aja anayamba kudzithandiza kuseri kwa nyumba. Mvula ya mu Januwale inakokolola zonsezo mpaka pampopi, pamene mabanja onse ankatunga madzi ndi kutsukira mbale. Woyamba kutsekula m'mimba, mpaka kugonekedwa m'chipatala, anali mwana wa mwini loko yemwe.

Tisaiwale msanga. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko muno. Bwalo la mpira la Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anadikira mpaka pa 12 Febuluwale. Matendawa amayenda ndi chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi kapena m'chakudya, ndipo safunsa kuti anayamba ndewu ndani.

Inu okhala pamdadada, khalani pansi musanayambane. Lembani masiku otsuka, pepalalo mulimate pachitseko, ndipo banja lalikulu litenge masiku ochulukirapo popanda kunyinyirika. Za mayunitsi a ZESCO ndi bilu ya madzi mukambiranenso pomwepo. Wina akakanika, itanani eni nyumba. Nawonso akazemba, pitani kwa a zaumoyo kukhonsolo. Koma chonde, chimbudzi chimene ana amalowamo musachikhome.