Za Klorini, Mankhwala Oyeretsa Madzi

Mcere umene tithira m'ndiwo ndiwo zinthu ziwiri zogwirana, sodium ndi klorini. Klorini payekha ndiye mpweya wobiriwira monkera ku cikasu, wotsamwitsa koopsa. Anampeza Carl Scheele wa ku Sweden m'caka ca 1774, ndipo pa nkhondo ku Ypres mu 1915 anthu anaphera nao asilikari ambiri. Koma akalowa pang'ono cabe m'madzi, asanduka asidi wofooka amene aboola tizirombo ta kolera ndi kutipha. Cifukwa cace madzi a m'damu la Lutembwe athiridwa klorini asanalowe m'mipopi ya Chipata.

Kumidzi, kumene titunga pacitsime, nchitoyi itsalira ife eni. Ndipo kolera si nthenda ya ku Lusaka kokha, pakuti mu 2023 inagwa ku Vubwi konkuno. Tsono, abale, madzi akakhala amatope, yambani mwasefa pansalu yoyera, popeza klorini atha mphamvu zace pa litsiro, tizirombo natsala tamoyo. Thirani muyeso wolembedwa pabotolo, osati woyerekeza ndi maso, mubvundikire mtsuko, nimulindire mphindi 30 musanamwe. Musamsanganize ndi viniga, pakuti mpweya wakupha uja ubukanso. Botolo likhale pamthunzi, posafikira ana, popeza dzuwa limsukulutsa.