KUJAMBULA ANA AKUTHAMANGA LIWIRO

Aphunzitsi ambiri amene ali ndi kamera amadandaula ndi zithunzi za pa tsiku la masewera. Mitengo ya kumbuyo imaoneka bwino, koma mwana wopambana sadziwika nkhope. Mpikisano subwerezedwa, ndipo makolo amafuna cithunzi ca mwana wao. Kawiri-kawiri bvuto siliri pa kamera ai, koma pa kacheredwe kace.

Makamera a masiku ano amasuntha okha galasi lao kufikira cinthu cioneke bwino. Nzeru imeneyi ichedwa autofocus, ndipo kamera yoyamba yotere yogulitsidwa kwa anthu ambiri inali ya kampani ya Konica ya ku Japan, m'caka ca 1977. Koma kamera iyenera kuuzidwa ngati cinthuco caima kapena cirikuyenda.

Njira ziripo ziwiri. Yoyamba ndiyo AF-S. Pa Canon alemba One Shot. Mukadina batani pang'ono, kamera iyesa mtunda kamodzi ndi kuima pomwepo. Imeneyi ndi yabwino pojambula mfumu itakhala pa mpando. Yaciwiri ndiyo AF-C; pa Canon alemba AI Servo kapena Servo. Imeneyi iyesabe mtunda nthawi yonse imene cala canu ciri pa batani.

Taganizani. Mnyamata wothamanga mamita 100 pa masekondi 14 ayenda mamita 7 pa sekondi imodzi. Mukacedwa theka la sekondi muli pa AF-S, iye wacoka kale mamita oposa 3 pa malo amene kamera inayesa.

Tsono citani izi:

1. Cherani kamera pa AF-C mpikisano usanayambe.

2. Sankhani kabokosi kamodzi ka pakati, kapena kagulu kocepa ka timabokosi. Mukailekera yokha, kamera imakonda kugwira cinthu ca pafupi, monga mutu wa munthu woonerera.

3. Lunjikitsani kabokosiko pa nkhope ya mwana kapena pa nambala ya pa malaya. Nsaru ya mtundu umodzi yopanda mizere imaisokoneza kamera.

4. Dinani batani pang'ono mwana akali patali, ndi kumtsata osacotsa cala. Akafika pa mzere, dinani kotheratu.

5. Cherani liwiro la shutter pa 1/1000, kapena 1/500 ngati kuli mitambo. Pa Nikon muyamba mwatembenuzira pa S, pa Canon pa Tv. Kamera ikatseka mocedwa, miyendo ndi manja zituruka za cimbuuzi ngakhale mtunda unayesedwa bwino.

6. Imani dzuwa liri kumbuyo kwanu, pakuti kamera ibvutika kupeza cinthu mu mdima.

Musadikire tsiku la masewera. Sabata ino pemphani mwana mmodzi apalase njinga kudza kwa inu kasanu, mumjambule, ndi kuona zithunzizo. Cala cikazolowera, makolo adzalandira cithunzi coyenera kupacika pa khoma.