PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MWALA WA LAIMU NDI NTHAKA YOWAWASA

Alimi anzathu, kodi munathirapo feteleza wokwanira koma chimanga n'kukhalabe chopinimbira? Nthawi zina vuto limakhala nthaka yomwe yawawasa, ndiye kuti muli asidi wambiri. Mankhwala ake ndi laimu, ndipo lero tiphunzira m'mene amagwirira ntchito.

Yesani Nokha

Tengani chigoba cha nkhono kapena cha dzira, mudonthezerepo viniga kapena madzi a mandimu. Mudzaona tithovu tikutuluka. Chigobacho chinapangidwa ndi mchere wotchedwa kashiamu kaboneti, womwenso ndi umene uli m'mwala wa laimu. Asidi akakumana ndi mcherewu amausungunula, ndipo pamatuluka zinthu zitatu: kashiamu, madzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi, umene ndi tithovu tija. Chofunika kudziwa ndi ichi: mwala ukamasungunuka, mphamvu ya asidi nayonso imatha.

Zomwe Zimachitika M'mwala

Madzi a mvula ali ndi asidi wofooka chifukwa amasakanikirana ndi mpweya uja mumlengalenga. Akalowa m'nthaka amaonjezeranso mpweya wochokera ku mizu ndi zinyalala zoola. Mwala wa laimu uli ndi timabowo ndi timing'alu, ndipo madziwa amalowamo n'kumaudya m'kati. Bowo likakula limalola madzi ambiri, choncho limakulanso msanga kuposa anzake. Pakapita zaka zikwi zambiri, timing'alu tija timasanduka mapanga ndi njira za madzi pansi pa nthaka. Miyala yotere ilipo kuno kwathu, monga ku mapiri a Chenkumbi pafupi ndi Balaka ndi ku Changalume m'boma la Zomba, kumene kale ankakumba miyala yopangira simenti.

Chifukwa Chake Nthaka Imawawasa

Mvula yambiri imatsuka kashiamu wa m'nthaka, n'chifukwa chake vutoli limapezeka kwambiri m'madera monga Mulanje, Thyolo ndi Nkhata Bay. Feteleza wa salufeti ndi wa yureya amawawasitsanso nthaka akamathiridwa chaka ndi chaka. Kuti asidi wochokera ku makilogalamu 100 a salufeti athe mphamvu, pamafunika laimu woposa makilogalamu 100.

Kuwawasa kumayezedwa ndi muyeso wa pH. Nambala 7 ndi pakati. Ikamatsika, asidi akuchuluka. Ikatsika kupyola 5.5, aluminiyamu wa m'nthaka amayamba kusungunuka n'kupsereza nsonga za mizu, ndipo fosifolasi amene munagula amamangika, mbewu osam'peza. Mtedza ukasowa kashiamu umabereka makoko opanda kanthu m'kati, ndipo pamsika simupeza ndalama.

Kathiridwe ka Laimu

1. Yambani mwayezetsa nthaka kudzera kwa Mlangizi wanu. Iye ndiye angakuuzeni muyeso woyenera munda wanu. Nthaka ya makande imafuna laimu wambiri kuposa ya mchenga.

2. Gulani laimu wosalala ngati ufa. Asidi amadya mwala kuyambira pamene waukhudza, choncho mwala woperedwa umasungunuka msanga, koma wamibulu umakhala zaka osagwira ntchito.

3. Laimu wa dolomaiti ali ndi maginiziyamu kuonjezera pa kashiamu, koma amasungunuka pang'onopang'ono. Njereza yowotcha ndi yaukali, imaocha khungu ndi mbewu.

4. Wazani laimu miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, ndipo musakanize ndi dothi popanga mizere. Laimu sayenda msanga kupita pansi, ndiponso sagwira ntchito m'dothi louma mpaka mvula itagwa.

5. Musasakanize laimu ndi salufeti kapena yureya, chifukwa nayitirojeni amauluka ngati mpweya.

6. Musapyole muyeso. Laimu akachuluka, mbewu zimasowa zinki ndi ayironi. Tiyi amakonda nthaka yowawasa, choncho musam'thirire laimu popanda uphungu.

Kumbukirani

Laimu salowa m'malo mwa feteleza kapena manyowa, koma amathandiza kuti mbewu zidye zomwe mwazipatsa. Mukathira bwino, phindu lake limaoneka kwa zaka zingapo. Ngati munda wanu wakhala ukubwerera m'mbuyo pa zokolola, kaonaneni ndi Mlangizi chilimwe chino, mizere musanapange.