Mafunso kwa Dokotala: M'buku la amuna anga alembamo "bipolar"

Adokotala,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi msika wa Chitakale ku Mulanje. Amuna anga ali ndi zaka 34 ndipo amachita geni ya zinanazi ndi nthochi. Ndi munthu wofatsa, woti sungadziwe kuti ali pakhomo. Chaka chatha anasintha mwadzidzidzi. Ankagona maola awiri okha koma n'kudzuka ali gwa. Pakati pa usiku ankasesa pabwalo uku akuimba nyimbo za kutchalitchi, ndipo akayamba kulankhula munthu sunkapeza polowetsa mawu. Anatenga katapila n'kugula zinanazi zodzaza lole, ati akagulitsa ku Limbe. Theka anagawira anthu pasiteji, zotsalazo zinaolera pakhonde. Ankauza aliyense kuti Mulungu wawalonjeza esiteti ya tiyi. Nditawaletsa anandikalipira, koyamba chikwatirane chathu.

Tinapita nawo kuchipatala, anagonekedwa, anatuluka ali bwino. Patapita miyezi ingapo anangoti zii. Osadzuka, osasamba, nsima kungoiyang'ana, n'kumati, "Ndakuvutitsani ine, bola ndingofa." M'buku lawo la kuchipatala alembamo mawu akuti bipolar, koma tsikulo mzere unali wautali, sindinafunse bwino. Panopa ayambiranso geni, ndipo akufuna kusiya mankhwala, ati amawalemetsa thupi komanso achira. Kuchimuna akuti ndinawadyetsa ine, ena akuti anakakhwimira geni n'kulakwitsa chizimba. Kodi bipolar n'chiyani? Ndi misala? Achiradi? Nanga ana angawa adzatengera?

Mayi wothedwa nzeru, Chitakale

YANKHO

Amayi,

Amuna anu sindinawapime, koma zimene mwalongosolazi zikugwirizana ndi zimene alemba m'bukumo. Bipolar ndi matenda a muubongo amene amasokoneza zinthu zitatu pamodzi: mmene munthu akumvera mumtima, mphamvu za thupi, ndi tulo. Ali ndi mbali ziwiri, ndipo zonse mwaziona ndi maso anu. Mbali ina munthu amakwera: sagona koma satopa, maganizo amathamanga, amadziona wamkulu, amamwaza ndalama, ndipo ukamuletsa amapsa mtima. Madokotala timati mania. Mbali inayo amatsika mpaka pansi: chilichonse chimamukowa, thupi limalefuka, amadziona wachabechabe. Kale matendawa ankatchedwa manic depression, ndipo dzina la bipolar linakhazikika m'mabuku a madokotala kuyambira mu 1980.

Chofunika kumvetsa ndi kutalika kwake. Kuti tinene kuti munthu wakweradi, zizindikiro zimakhala sabata yathunthu kapena kupitirira, kapena zimakula mpaka munthu kugonekedwa m'chipatala. Kutsikako kumatenga masabata awiri kupita m'tsogolo, kawirikawiri miyezi. Achinyamata pa Facebook amakonda kunena mnzawo amene waseka m'mawa n'kukwiya masana kuti ndi wa bipolar. Umenewo ndi umunthu chabe, tonse timatero.

Mwafunsa ngati ndi misala. Kwathu kuno mawu amenewa timaponyera aliyense, wa khunyu, wa chamba, wa malungo a muubongo, ndipo akakumata sachoka. Ine ndingokuuzani zimene zimachitika. Munthu akakwera kwambiri amatha kukhulupirira zinthu zomwe palibe, monga za esiteti zija. Nyengoyo ikadutsa amabwerera mwakale, nzeru zake zonse zili momwemo, ndipo ambiri amagwira ntchito, kulera ana ndi kuyendetsa geni moyo wawo wonse. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lapansi anali ndi matendawa. Chiwerengerochi chikuposa kawiri anthu onse amene kalembera wa 2018 anapeza m'Malawi muno.

Simunawadyetse. Matendawa amayenda m'magazi a kumtundu, ndipo nthawi zambiri amayamba munthu ali pakati pa zaka 15 ndi 30, ngakhale ena amachedwerapo. Chimene chimawadzutsa ndi kusowa tulo, nkhawa yaikulu, chamba, kachasu, komanso kwa amayi masabata oyamba akangobereka. Amene akunena za kukhwima aone bwino chimene chinayamba: tulo tinathawa kaye, lole ya zinanazi inabwera pambuyo. Matenda ndi amene anagula zinanazizo. Ndingafunsenso ngati anawayeza magazi, chifukwa HIV, chindoko, vuto la chithokomiro ndi mankhwala ena monga prednisolone zimatha kuonetsa zizindikiro zofanana. Ngati sanawayeze, kapempheni.

Tsopano funso limene landichititsa kusankha kalata yanu, loti kodi achiradi. Sanachire, ali bwino chifukwa cha mankhwalawo. Zili ngati BP: munthu akamamwa mankhwala makina amaonetsa bwino, akasiya chifukwa makina aonetsa bwino, matenda amabwerera. Odwala ambiri amene timawagonekanso kachiwiri ndi kachitatu ndi amene anasiya mankhwala m'nyengo ngati imene amuna anu alimo panopa, ndipo kusiya mwadzidzidzi ndiko koopsa kwambiri. Pali chinanso chimene odwala sanena msanga: ena amaisowa nyengo yokwera ija, chifukwa m'masiku oyamba imakoma. Munthu amadzimva wochenjera, wamphamvu, wokondedwa ndi aliyense. Katapila amakumbukika mochedwa.

Komabe dandaulo lawo musalipeputse. Mankhwala monga chlorpromazine ndi haloperidol, amene timagwiritsa ntchito kukhazika munthu pansi, amathadi kulemetsa thupi, kuumitsa khosi, kunjenjemeretsa manja, ngakhale kufooketsa bambo kuchipinda, nkhani imene abambo ambiri sainena pamaso pa namwino. Zonsezi zili ndi pokonzera. Dokotala akhoza kuchepetsa mlingo, kusuntha nthawi yomwera kuti ikhale usiku, kapena kusintha mtundu. Oteteza kuti matenda asabwerere amene amapezeka kawirikawiri kuno ndi sodium valproate ndi carbamazepine. Palinso lithium, amene dokotala wa ku Australia, John Cade, anaonetsa mphamvu yake mu 1949. Lithium ndi wabwino zedi, koma amafuna kuyeza magazi pafupipafupi, n'chifukwa chake saperekedwa paliponse. Kwa amene amaiwalaiwala mapilitsi pali jakisoni wa pamwezi.

Machenjezo angapo musawaphonye. Akadzatsikanso, asamwe amitriptyline kapena fluoxetine payekha, ngakhale wina atawagawira ndi mtima wabwino, chifukwa kwa munthu wa bipolar mankhwalawa amatha kumukweza mpaka kudwala mbali inayo. Ngati ali pa ma ARV anene, popeza carbamazepine amachepetsa mphamvu ya ma ARV ena. Ndipo kwa amayi amene akuwerenga ali ndi matendawa: valproate amatha kulumaza mwana m'mimba, carbamazepine amafooketsa mapilitsi olera ndi kachipangizo ka pamkono, choncho kambiranani ndi dokotala musanaime.

Ntchito yanu yaikulu pakhomopo ndi kuyang'anira tulo. Mwa zizindikiro zonse, tulo ndi timene timayamba kusokonekera. Akagona pang'ono masiku awiri kapena atatu otsatizana koma osadandaula kutopa, n'kuyamba mapulani akuluakulu, musadikire tsiku lokaonana ndi dokotala lolembedwa m'buku. Pitani tsiku lomwelo. Kuchezera pamaliro, mapemphero a usiku wonse, kudzuka tambala asanalire kuti akapikule katundu kumunda, zonsezi n'zabwino kwa ena koma iwo zingawadwalitse. Pamaliro akaonekere, akakhale ndi anzawo madzulo, kenako akagone. Kupemphera sindikuletsa, bola m'busa asawauze kuti ataye mankhwala posonyeza chikhulupiriro.

Gwiritsani ntchito nyengo yabwinoyi. Khalani pansi nonse awiri, muitane ankhoswe, mugwirizane iwo ali ndi nzeru zawo zonse: akadzayamba kukwera, mpamba wa geni ndi foni ya ndalama asunge ndani, awaperekeze kuchipatala ndani, ngongole yoposa zingati asatenge popanda inu. Zimenezi azinene okha ndi pakamwa pawo, kuti tsikulo likadzafika pasadzakhale woti mukuwalamulira. Ulendo wotsatira wa kuchipatala mutengeko mmodzi wa kuchimuna, makamaka amene amalankhula kwambiri, akadzimvere yekha. Afunsidwenso ngati kumtundu kwawo kunalibe amalume kapena agogo amene ankati akadwala amalalikira pamsika kenako n'kudzitsekera m'nyumba. Kawirikawiri amapezeka.

Muli pabwino, thandizo silili kutali. Chipatala chachikulu cha boma pa Mulanje chili pafupi nanu ndipo chimaona odwala matenda a maganizo kwaulere. Kulinso chipatala cha Mulanje Mission. Zikavuta amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Anthu amaopa dzina la Zomba, koma odwala bipolar ambiri amakhalako kanthawi n'kubwerera kwawo. Akadzavuta kunyamula, itanani abale awiri atatu amene amawamvera, alankhule nawo mofatsa. Kumenya ndi kumanga pamtengo kumangowonjezera mabala.

Mawu aja akuti "bola ndingofa" si odandaulira chabe. Anthu a bipolar amadzipha kwambiri kuposa anthu ena, makamaka akatsika kapena akangotuluka m'chipatala n'kuona ngongole zimene anasiya. Akadzawanenanso, afunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu. Chotsani m'nyumba tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe, mapilitsi awo musunge inu, musawasiye okha, ndipo pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Za ana, mtima ukhale m'malo. Kholo limodzi likakhala ndi bipolar, mwa ana 10 pafupifupi 9 sadwala. Palibe mankhwala owapatsiratu, ndipo palibe chifukwa chowayang'ana ndi diso lokayika nthawi iliyonse akachita phokoso. Akamakula muwauze zoona za matenda a bambo awo, muwatalikitse ku chamba, ndipo wina akadzasintha tulo ndi khalidwe kwa masiku angapo ali mnyamata kapena mtsikana, mudzapite naye msanga n'kuuza dokotala kuti bambo ake ali ndi bipolar.